Fomu Yosaina Wekha

M'kabati ya kuchipinda kwathu muli kachikwama kakuda momwe mumakhala zinthu zitatu: laisensi yoyendetsera ndege, buku lolembamo maulendo onse amene ndaulukapo, ndi kope la sukulu la mizeremizere. Ziwiri zoyambazo ndi zanga kuyambira kale. Kopelo lalowamo chaka chatha, ndipo analiikamo ndi amayi akunyumba, osati ine.

Ndiyambe ndaulula kuti sindine woyendetsa ndege wa yunifolomu amene mumamuona pa Chileka kapena ku Heathrow. Ntchito yanga ndi yoyendetsa lole kuno ku England, m'chigawo cha Midlands, ndipo kumpingo ndili m'gulu la zaumoyo. Ndife aja timayala matebulo muholo n'kumapima anthu BP, shuga ndi kulemera kwa thupi. Sukulu ndinalekezera Folomu 4. Za ndegezi ndi matenda amene ndinawatenga ndili mwana. Kwathu ndi kufupi ndi Chileka, ndipo tikaweruka kusukulu tinkakaima kumpanda wa bwalo la ndege kudikira kuti Kwacha, Boeing 737 ya Air Malawi, itere. Anzanga ankawerenga mawindo. Ine ndinkangofuna kudziwa kuti munthu wakhala kutsogoloyo akugwira chiyani.

Ndinafika kuno mu 2003. Ndinayamba ndi kusamala okalamba, kenako kunyamula makatoni, mpaka ndinapeza laisensi ya lole. Tsiku lina ndikutula katundu kumidzi ndinadutsa pa kabwalo ka ndege zing'onozing'ono, ndipo pachipata panali chikwangwani choitanira anthu kudzayesa kuuluka kwa theka la ola. Ndinabwererako tsiku loyamba la mlungu wotsatira. Kumeneko ndi kumene ndinamva koyamba za laisensi yotchedwa NPPL.

Ndifotokoze pang'ono, chifukwa nkhani yonseyi yagona pa kusiyana kwa mapepala. Bungwe loyang'anira za ndege kuno ndi Civil Aviation Authority, lomwe aliyense amangoti CAA. Mu 2002 bungweli linayambitsa NPPL, laisensi ya dziko la Britain lokha, kuti anthu wamba athe kuphunzira kuuluka osagulitsa nyumba. Laisensi yaikulu, ya PPL, imene maiko ena amaizindikira, inkafuna maola ophunzira osachepera 45. NPPL inkafuna 32. Koma inali ndi malire ake: kuuluka masana okha, kunja kukuoneka bwino, ndege yosapitirira makilogalamu 2,000, okwera osapitirira atatu, osalipiritsa munthu, ndiponso osatuluka m'dziko pokhapokha dziko linalo litalola. Kusiyana kwina kunali pa zaumoyo. Wa PPL amayenera kupimidwa ndi dokotala wovomerezeka pa za ndege, amene amaona maso, makutu, mkodzo, BP ndi kagundidwe ka mtima. Wa NPPL ankangotenga fomu n'kupita nayo kwa dokotala wake wa masiku onse kuti asainire, ndipo kuti uloledwe kunyamula anthu unkayenera kukwanira pa muyeso wa oyendetsa malole ndi mabasi. Ine pamenepo ndinali nditadutsa kale. Ndinaona ngati laisensiyi anaisokera ine.

Zinanditengera zaka ziwiri ndi maola 47, chifukwa ndalama zinkabwera modontha, komanso anthu ambiri amauluka Loweruka pamene ine ndinali ndi Sande yokha. Aphunzitsi anga anachita kuzolowera kuti Loweruka asandifunefune. Tsiku limene anatsika mu Cessna 152 n'kundiuza kuti ndizungulire bwalo ndekha, ndegeyo inanyamuka msanga kuposa masiku onse poti inapepukidwa, ndipo ndinadzipeza ndikuyankhula Chichewa ndekhandekha m'mwamba mwa minda ya azungu. Laisensi inafika pa positi mu 2010.

Sindinaidyerere nthawi yaitali. Mu 2012 malamulo a bungwe la za ndege la maiko a ku Ulaya, la EASA, anayamba kugwira ntchito kuno, ndipo anagawa ndege pawiri. Ndege zambiri za m'makalabu, monga Cessna ndi Piper zimene tonse tinaphunzirirapo, zinalowa pansi pa malamulo a Ulaya, ndipo tinauzidwa kuti idzafika nthawi imene laisensi ya dziko lokha sidzaloledwanso pa ndege zimenezi. M'malo mwake kunabwera laisensi yatsopano yotchedwa LAPL, yogwira ntchito m'maiko onse a m'bungwelo. Amene tinali ndi NPPL tinali ndi mwayi wosinthira ku LAPL-yo, polipira, kulemba mafomu ndi kupimidwa mwatsopano. Tsiku lomaliza losinthira linasunthidwa kangapo, ndipo ku kalabu nkhani inali imeneyi yokhayokha: wasintha kodi, yakaleyo uisunga kapena uitaya? Anzanga ambiri anasintha. Ena ankatiuza kale za kukadya nkhomaliro ku Le Touquet, tsidya lina la nyanja ku France.

Ine sindinasinthe, ndipo ndisakunamizeni kuti inali nzeru. Mwana wachiwiri anali atangobadwa, ndipo kumudzi denga la nyumba ya mayi anga linkadontha. Amene anandipulumutsa ndi mdala wina wachingerezi wa ku kalabu, amene anapuma ntchito ya umakaniko. Anandiuza kuti ndege zakale, zopanga anthu pawokha ndi zija zopepuka kwambiri zinatsala pansi pa malamulo a dziko, ndipo gulu lawo la anthu asanu linkafuna munthu wogula gawo la mnzawo amene anasiya. Ndege yake inali Jodel, ya ku France, ya mipando iwiri, yopangidwa ndi matabwa ndi nsalu, mapiko ake opindikira m'mwamba kunsonga, gudumu lachitatu lili kumchira. Ndi yakale kuposa ine. Ndege zotere zimauluka ndi chilolezo chimene bungwe la Light Aircraft Association limayang'anira, ndipo eni ake amaloledwa kuzikonza okha, woyendera n'kumabwera kudzaona ntchitoyo. Ndinaphunzira kutera ndi gudumu la kumchira, ndinaphunzira kusintha oyilo, ndipo laisensi yanga yakale inapitiriza ntchito mwakachetechete.

Kenako dziko linatembenuka. Britain inatuluka mu mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, ndipo pa 31 December 2020 inatulukanso mu EASA. Anzanga aja anapeza kuti LAPL yawo, poti inaperekedwa kuno, sinalinso ndi mphamvu imene inali nayo tsidya lina la nyanja. Mu 2021 malamulo anasinthanso, ndipo ife a laisensi ya dziko tinaloledwa kubwerera pa Cessna ndi Piper zolembetsedwa kuno. Mdala uja anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Mnyamata, pepala silidya chakudya. Usamataye laisensi chifukwa choti wina wasindikiza yatsopano." Ndinamuuza kuti kwathu akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Anaukonda mwambiwo, ngakhale anadabwa kuti munthu amene amagawa timapepala toletsa fodya akuphera mwambi pa fodya yemweyo.

Nkhani ikanathera pamenepa, yankho likanakhala losavuta: sungani yakaleyo. Koma pa kusintha konseku pali kumodzi kumene ndakudumpha dala, ndipo ndi kumene kunadzandigwira pakhosi.

Mu 2016 CAA inachotsa siginecha ya dokotala pa fomu ija. Kuyambira pamenepo munthu wa laisensi ngati yanga amangolowa pa intaneti, n'kutsimikiza yekha kuti thanzi lake likukwanira pa muyeso wa woyendetsa galimoto wamba, basi. Sulipira kanthu. Palibe amene amakugwira pamkono. Ukasaina kamodzi, fomuyo imagwira ntchito mpaka utakwanitsa zaka 70, ndipo ukapyola pamenepo umasainanso pa zaka zitatu zilizonse. Ndinasaina ndili ndi zaka 37, nditakhala patebulo la kukhitchini, nsima ili pamoto. Ndinasangalala kwambiri tsiku limenelo. Sindinaone kuti ntchito imene dokotala ankagwira sinathe ayi, inangosamukira m'manja mwanga.

Mu March chaka chatha tinali ndi tsiku la zaumoyo kumpingo, tinaitana ndi anthu a m'dera lathu. Ndinakhala pa tebulo la BP kuyambira m'mawa, ndikunena mawu amene ndawanena kambirimbiri: kuti matendawa alibe phokoso, kuti munthu amatha kuyenda nawo zaka osamva kanthu, kuti ife akuda amatipeza msanga kuposa anzathu, kuti 140 pa 90 ndi pomwe dokotala amayamba kukuyang'ana kawiri. Anthu atatha, tikulongedza, anamwino amene amatsogolera gulu lathu, mayi wachikulire wa ku Zambia, anatenga makina aja n'kunena kuti, "Achimwene, inu mwapima anthu tsiku lonse. Nanga inu anakupimani ndani? Khalani apa."

Ndinaseka n'kukhala. Makina anafinya mkono n'kuonetsa 168 pa 102. Ndinati ndatopa, ndakhala ndikunyamula matebulo. Anandipatsa madzi, tinakhala chete mphindi zisanu, anapimanso mkono winawo. 164 pa 101. Anapimanso kachitatu. Manambala sanasunthe kwenikweni.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Mlungu uno mukaonane ndi dokotala. Akazi anu ndi mnzanga, koma sindiwauza, thupi ndi lanu. Koma lole ija mumayendetsa, ndi kandege kaja, mudzifunse nokha."

Pobwerera kunyumba m'mutu mwanga munali masamu okhaokha. Kuyambira pamene ndinatenga laisensi ya lole ndinali ndisanapimidwenso ndi dokotala wa ntchitoyo, chifukwa lamulo limafuna kuti upimidwenso ukafika zaka 45, kenako pa zaka zisanu zilizonse. Zaka 45 zanga zinali kubwera chaka chomwecho. Ndinkadziwa kuti BP ikamakhala pa 180 kapena kuposa kumwamba, kapena 100 kapena kuposa kumunsi, woyendetsa lole amaimitsidwa mpaka itatsika. Manambala anga a kumunsi anali atapyola kale. Pamenepo panali lendi, chakudya, ndi ndalama zimene timatumiza kumudzi mwezi ndi mwezi. Ndipo panalinso china chapafupi kwambiri. Sande yotsatira mwana wathu woyamba, mtsikana, ankakwanitsa zaka 16, ndipo ndinali nditamulonjeza kuyambira pa Khirisimasi kuti tsikulo tidzauluka awiri, adzagwireko chiwongolero.

Tsopano onani mmene mtima wa munthu umadziwira kuwerenga malamulo ukafuna chinthu. Usiku umenewo ndinatsegula foni n'kuwerenganso fomu ija. Muyeso wake ndi wa galimoto wamba, ndipo BP yokwera payokha siletsa munthu kuyendetsa galimoto wamba, pokhapokha dokotala atanena kuti ndi ya mtundu woopsa kapena mankhwala akukuchititsa chizungulire. Dokotala anali asananene chilichonse, chifukwa ndinali ndisanapiteko. Mankhwala ndinalibe. Lamulo lonyamulira munthu limafuna kuti ukhale utanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo, ndipo ndinali nditachita zimenezo milungu iwiri m'mbuyomo. Pa pepala zonse zinali bwinobwino. Panali chiganizo chimodzi chokha chimene ndinkachidumpha powerenga, chonena kuti munthu asayendetse ndege ngati akudziwa kapena kukayikira kuti thupi lake silili bwino. Ndipo ine ndinkadziwa zimene sindinawauze anamwino aja: kuti kwa miyezi iwiri ndinkadzuka mutu ukuwawa kunkhongo, kuti tsiku lina pa msewu wa M1 ndinaona timadontho tikuvina m'maso mpaka ndinapatuka, ndiponso kuti bambo anga anagwa ndi sitiroko ali kudimba, ali ndi zaka 58, ndipo sanayankhulenso.

Masiku anadutsa osawauza amayi akunyumba. Kwa dokotala ndinati ndipita tikatha tsiku lobadwa la mwana.

Sande inacha bwino, kumwamba kuli mbee, mphepo yochepa, tsiku lija oyendetsa ndege amalilota nyengo yonse yozizira. Tinafika ku bwalo, tinakankha Jodel kuitulutsa m'shedi, ndipo ndinayamba kuizungulira monga tinaphunzitsidwira. Mwana anali pambuyo panga ndi foni, akujambula. Ndinatapa mafuta pang'ono m'kabotolo kuona ngati muli madzi. Ndinaona oyilo. Ndinayendetsa dzanja pa nsalu ya mapiko kufuna pong'ambika, ndinagwedeza zowongolera za kumchira, ndinaona matayala. Ndinkamufotokozera chilichonse, kuti ndege siili ngati lole, ukakayikira kanthu supatukira m'mbali mwa msewu, choncho ukapeza chokayikitsa uli pansi, suuluka. Iye anafunsa mwachibwana, "Ndiye Adadi, chikakhala chaching'ono, chongokayikitsa pang'ono?" Ndinayankha kuti ngakhale chaching'ono.

Ndinaima ndi kabotolo ka mafuta m'manja. Mu Jodel mipando ndi yoyandikana, mapewa amagundana. Ndinaona m'maganizo mwanayo ali pampando wa kumanja, mamita 600 m'mwamba, bambo ake atagwera pachiwongolero, iye asakudziwa ndi batani la wailesi lomwe.

Ndinamuuza kuti sitiuluka. Anafunsa ngati ndege yawonongeka. Ndinati ndege ili bwino. Tinaibweza m'shedi osayankhulana, ndipo ndinamufotokozera tili m'galimoto. Sanalire. Anangoyang'ana pawindo njira yonse, ndipo titafika kunyumba analowa n'kuwauza amayi ake zonse ine ndisanavule nsapato.

Takhala m'banja zaka zambiri, koma mkwiyo wa tsiku limenelo ndinali ndisanauonepo. Sanakweze mawu. Anadikira ana akwere kuchipinda, n'kunena kuti, "Abambo, BP si mlandu, imagwira aliyense. Koma mwagona pambali panga mlungu wathunthu mukudziwa, mwayendetsa lole mukudziwa, ndipo lero munatenga mwana wanga kupita naye kubwalo mukudziwa. Mukanakhala kuti simunasinthe maganizo, akanakuletsani ndani?" Ndinalibe yankho, chifukwa yankho lake linali loti palibe. Anati, "Gulitsani gawo lanulo. Pepalalo ling'ambeni. Sunga khosi, mkanda uoneka."

M'mawa mwake ndinaimba foni kuntchito kuti sindibwera, ndipo ndinapita kwa dokotala. Anandiuza kuti ndizidzipima kunyumba m'mawa ndi madzulo kwa masiku asanu ndi awiri. Kope lija linayamba pamenepo, chifukwa amayi akunyumba anati manambala azilemba okha, dzanja langa salikhulupirira. Pakutha pa mlungu zinaoneka kuti kunyumba manambala ankatsikako pang'ono, koma anali okwerabe. Anandiyambitsa amlodipine, ndipo anandifotokozera kuti kwa anthu akuda ochokera ku Africa amakonda kuyamba ndi mankhwala a mtundu umenewu chifukwa ndi amene amagwira bwino ntchito. Akakolo anatupako milungu yoyamba, kenako zinasiya.

Apa ndinene chinthu chimene chinandichititsa manyazi kuposa zonse. Sindisuta, sindimwa mowa, nyama ndimadya mwa apo ndi apo, ndipo chifukwa cha zimenezi ndinkadziyesa wotetezeka. BP ndinkaiona ngati matenda a anthu amene ndimawapima. Koma titakhala pansi kuwerenga zimene zimalowa m'kamwa mwanga, tinapeza mchere paliponse: mu tchipisi ta m'mapaketi timene ndinkatafuna kuti ndisagone pa msewu, mu supu wa m'makapu, mu timakyubu tokometsera ndiwo, mu buledi, ngakhale mu soya amene ndinkanyadira kuti ndi wathanzi. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, yomwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. Ine ndinkawauza anthu zimenezi Sande, Lolemba n'kukhala maola ambirimbiri pampando wa lole ndi paketi pamiyendo. Tinasintha. Tsopano ndimanyamula nyemba ndi mbatata za kunyumba, ndipo nthawi yopuma imene lamulo limatikakamiza oyendetsa malole ndimayenda wapansi kuzungulira pamalo oimikapo magalimoto m'malo mogona m'kabini.

Funso la laisensi linakhala patebulo miyezi ingapo, ndipo linagwa pa nthawi imene ku kalabu anthu ankalikambanso, chifukwa kuyambira mu 2022 CAA inali ikufunsa maganizo a oyendetsa ndege pofuna kuchepetsa mitundu ya malaisensi. Mnzanga wina wa m'gulu la Jodel anandiuza kuti ino ndiyo nthawi yosiya yakaleyo n'kukwera kupita ku PPL, kuti malamulo akadzasinthanso ndisadzapezeke panja. Chodabwitsa n'chakuti amayi akunyumba, atamva kuti PPL imafuna dokotala wa za ndege, anati ngati ndikuumirira kuuluka, bola imeneyo. Anali ndi mfundo. Munthu wa msinkhu wanga amapimidwa pa zaka ziwiri zilizonse, akapyola zaka 50 chaka ndi chaka, ndipo BP ikamapitirira 160 kumwamba kapena 95 kumunsi, dokotalayo sasaina. Ndikanakhala ndi PPL, manambala anga akanagwidwa kale ndi munthu amene sindikanatha kumunyengerera. Sindingatsutse zimenezo, ndipo munthu amene akudziwa kuti sangadzinenere zoona yekha ndingamuuze kuti apite kumeneko kapena asiye kuuluka.

Koma ndinawerengeranso mbali inayo. PPL inkafuna maphunziro ena, mayeso ena ndi ndalama zimene zikanachokera pa sukulu ya ana. Ndipo ndikanagula chiyani ndi ndalamazo? Ufulu wopita ku France, kumene pa zaka zonsezi sindinafunepo kupita. Ndinadzifunsa moona mtima n'kupeza kuti chimene ndinkasirira pa PPL chinali chimodzi: loto loti tsiku lina ndidzabwereke ndege kumudzi, ndidzanyamuke pa Chileka, ndidzaone phiri la Michiru ndi denga la mayi anga kuchokera kumwamba. Ndi loto lokoma, koma ngakhale PPL-yo ikanafunika kuti akuluakulu a za ndege kumudzi ayambe aivomereza, ndipo tchuthi chathu cha milungu itatu chimathera m'maliro, m'maukwati ndi m'minibasi. Kulipira mapepala awiri, limodzi la moyo umene ndili nawo ndi lina la moyo wa m'maloto, ndi kuja amati mapanga awiri avumbwitsa. Komanso dokotala wa za ndege amakuona tsiku limodzi pa zaka ziwiri. Masiku ena onsewo, amene amadziwa kuti wadzuka ndi mutu kapena wagona maola anayi okha ndi iwe wemwe, kaya laisensi yako ndi ya mtundu wanji.

Nanga kuing'amba, monga ananenera amayi akunyumba poyamba? Apa ndi pamene mdala uja anandithandiza, nditamuuza zonse tikutsuka mapulagi. Anandikumbutsa kuti laisensi yanga payokha siitha. Chimene chimatha ndi chilolezo cha mtundu wa ndege chimene chalembedwa m'kati mwake, chomwe chimafuna maola 12 pa miyezi 24, limodzi mwa maolawo uli ndi mphunzitsi. Ukalephera, chilolezocho chimagona, ndipo kuti chidzuke umakauluka ndi woyesa mayeso kuti aone ngati manja akadakumbukira. Choncho kusiya kuuluka ndi kutaya laisensi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Munthu akhoza kukhala pansi miyezi kapena zaka, pepala lili m'kabati, osataya kanthu. Pa zaka zosakwana khumi malamulo anali atatembenuka kawiri, ndipo amene anapindula ndi amene sanafulumire kutaya. Iye mwini, mdalayo, anandiuza kuti anasiya kunyamula anthu atakwanitsa zaka 75, popanda womuuza, ndipo tsopano amauluka ndi mmodzi wa ife pambali pake. Ananena ngati nkhani ya nyengo, akupukuta manja.

Ndinakhala pansi miyezi isanu ndi iwiri. Gawo langa la mwezi ndi mwezi ndinkalipirabe, ndipo amayi akunyumba ankandikumbutsa mwezi uliwonse kuti ndalama imeneyo ikanagula matumba angati a feteleza. Sankanama. Ola limodzi m'mwamba, ngakhale pa ndege yotchipa ngati yathu, limadya ndalama yoti banja lingadyere masiku angapo, ndipo pa mfundo imeneyi sitinagwirizane mpaka lero. Chimene tinagwirizana ndi china. Laisensi yakale ikhala, PPL sindiitsata, koma siginecha imene CAA inachotsa ibwerera, ndipo ikhala yawo. Kamodzi pa chaka ndimapita kwa dokotala kukapimitsa magazi, impso ndi mtima, ngakhale fomu siifuna. Mlungu uliwonse manambala amalowa m'kope. Ndipo m'mawa wa tsiku louluka ndimakhala patebulo la kukhitchini, pomwe ndinasainira fomu ija, iwo n'kundipima katatu. Zikapitirira 140 pa 90, makiyi a galimoto amalowa m'thumba la epuloni yawo.

Kupimidwa kwa lole kunabwera mu September, ndipo makina a dokotala anaonetsa 134 pa 84. Mu October ndinauluka ola limodzi ndi mphunzitsi, mlungu wotsatira ndinazungulira bwalo ndekha n'kutera kanayi, ndipo mlungu wachitatu ndinamutenga mwana uja. Anagwira chiwongolero mphindi khumi, lilime lili panja ngati mmene ankachitira pophunzira kulemba. Titatera sananene zambiri. Anangofunsa kuti maola 32 aja amawerenga kuyambira zaka zingati, ndipo ndinamuuza kuti funso limenelo akawafunse amayi ake.

Makiyi alowapo kale m'thumba la epuloni kamodzi. Unali mwezi wa February, nditagwira ntchito ya usiku masiku anayi otsatizana, ndipo makina anati 146 pa 92. Kunja kunali kokongola. Ndinayesa kunena kuti ndiuluka ndekha, popanda wokwera, kuti lamulo silikundiletsa, kuti makina a kunyumba nthawi zina amanama. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, analemba manambalawo m'kope, anaika deti, n'kundipatsa mpeni ndi anyezi.

Iwo eni sanakwerepo Jodel. Amati ndege ya matabwa ndi nsalu ndi kaiti, ndipo munthu wa ana awiri sakwera kaiti. Koma tsiku lina, akutseka kope lija, ananena kuti likadzadzaza mpaka tsamba lomaliza popanda manambala oipa ambiri, mwina adzaganizapo. Dzulo ali kuntchito ndinatsegula kachikwama kaja n'kuwerenga masamba otsala. Alipo 31.